Kutentha kwa M'sitolo ndi Nkhuku za a Nachanza

Panali munthu wina m'tauni muno, mmisiri woika ma eyakoni, dzina lake Gwedeza. Ndikuona ena mwayamba kumwetulira, inu a m'maofesi ozizira, ovala juzi mwezi wa Okutobala. Inu mumadziwa kachipangizo kam'kati kokha, kamene kamakupemererani kamphepo. Komatu kali ndi mnzake kunja kwa khoma, chibokosi cholemera chokhala ndi fani. Chibokosicho chimalandira kutentha konse kwa m'nyumba kudzera m'mapaipi a kopa, n'kukulavulira panja. Gwedeza ankaika zimenezo, ndipo ntchito yake ankaidziwa.

Tsono munthu wina wachuma anamanga sitolo yaikulu, namuitana Gwedeza kuti aikemo ma eyakoni. Anamuuza kuti akufuna zonse zithe tsiku lotsegulira lisanafike, chifukwa anali ataitana kale alendo olemekezeka.

Malo oika mabokosi akunja anali awiri. Ena anali padenga, pomwe mphepo imadutsa n'kumwaza kutentha. Koma kumeneko kunafuna kukoka mabokosi ndi zingwe, kuwonjezera mapaipi, ndi nthawi imene panalibe. Ena anali khoma lakuseri kwa sitolo. Pamenepo kunali kungoboola, kumanga mabawuti, basi.

Kuseriko kunali kanjira kopanikiza, koti anthu awiri sangadutsane bwino. Tsidya lake kunali khola lawaya la mayi wina wamasiye, a Nachanza. Ankaweta nkhuku zoyera zanyama zija, ndipo banja lawo lonse linkadalira kholalo. Amene munawetapo mukudziwa kuti nkhuku zimenezi sizilimbana ndi kutentha.

Gwedeza analiona kholalo. Musaganize kuti sanalione. Anaima m'kanjiramo, kuyang'ana denga, kuyang'ana khola, kenako n'kutenga choboolera chake.

Ali mkati moboola, a Nachanza anasendera pawaya.

"Mwaswera bwanji, bambo? Zinthu zanuzi sizisokosa kodi? Nkhuku zangazi n'zamantha."

"Ayi mayi, phokoso lake n'lochepa," anatero Gwedeza.

Sananame. Anayankha zimene anafunsidwa, zinazo anameza. Mabokosi onse anawandandalika pakhomapo, mafani atapenya kukhola.

Tsiku lotsegulira linafika, dzuwa lili nye! Alendo anadzaza m'sitolo atavala masuti. Gwedeza anayatsa makina, ndipo posakhalitsa m'katimo munazizira mokoma. Mwini sitolo anamugwira paphewa pamaso pa anthu, nati uyu ndiye mmisiri, amene akumanga amfunefune. Mtima wa Gwedeza unadzaza ndi chimwemwe.

Koma iye anali ndi chizolowezi. Akayatsa makina atsopano, ankazungulira kunja kukaika dzanja pabokosi lililonse kuti amve ngati bokosilo likunjenjemera. Choncho anatulukira kuseri.

Atangolowa m'kanjira kaja, mpweya unamumenya kumaso ngati watsegula uvuni wa buledi. Makina ankayenda bwino zedi, opanda cholakwika chilichonse. Chimene chinamuopsa chinali kukhola. Masiku onse amene ankagwira ntchito pamenepo, nkhuku zija zinkasokosa osalekeza. Tsopano kunali zii.

Anasuzumira pawaya. Nkhuku zinali zitaunjikana kungodya yakutali, milomo yasa, mapiko atagwa, zikupuma wefuwefu. A Nachanza ankathamanga ndi ndowa. Ankanyowetsa masaka n'kuwapachika pawaya, koma akamapachika lachiwiri loyamba linali litauma kale. Kenako anawerama, natola nkhuku imodzi, khosi lili lende. Sanakalipe ayi. Anangomuyang'ana Gwedeza, nkhukuyo ili m'manja.

"Bambo, moto umenewu ukuchokera kuti?"

Abale anga, Gwedeza ankadziwa kumene ukuchokera. Unali uja wam'sitolo, umene alendo ankasangalala kuti watha. Sunathe. Iye mwini anaunyamula m'mapaipi ake n'kuuthira pa mayiyu.

Swichi yaikulu yozimitsira makina onse inali pakhoma pomwepo. Anaikapo dzanja, koma sanakoke. Anaganiza za alendo aja. Anaganiza za dzina lake limene linali litangotamandidwa kumene. Mumtima ankati, ndidikire mwambo uthe, dzuwa lipendeke, mwina zipirira. Mantha anamugwira.

M'kholamo nkhuku ina inagwa chagada, n'kuphiriphitha.

Gwedeza anakoka swichi.

Mafani anazungulira pang'ono, naima. Sipanatenge nthawi, chitseko chakuseri chinatseguka mwamphamvu, mwini sitolo n'kutulukira maso ali psu.

"Iwe Gwedeza, wapenga? Anthu akutuluka thukuta m'katimu! Yatsa!"

"Sindiyatsa, bwana. Ndinalakwitsa poika. Makinawa akwere kaye padenga."

"Chifukwa cha nkhuku? Ukapanda kuyatsa, ntchito m'tauni muno uiwale!"

Gwedeza anazula mafyuzi a magetsi n'kuika m'thumba kuti wina asayatsenso, natenga sipanala.

Ntchito imene anaithawa ija anaigwirabe, ndipo inawawa kuposa poyamba. Anachotsa gasi wa m'makinamo, kudula mapaipi amene anali atawotcherera bwinobwino, n'kukoka mabokosi ndi zingwe mpaka m'manja munatuluka matuza. Mwambo wotsegulira unasokonekera. Mwini sitolo anasunga mawu ake: sanamuitanenso, ndipo anauza anzake onse. Nkhuku zambiri zinatsitsimuka mphepo yabwino itayambanso kudutsa. Zina zinali zitapita kale, ndipo Gwedeza yemweyo ndiye anakumba dzenje. A Nachanza sanamuthokoze, komanso sanamutukwane. Anangomupatsa madzi osamba m'manja.

Tsono ndilankhule ndi inu, azibambo anzanga, musayang'ane pansi. Kutentha sikufa, kumangosamuka. Kuntchito bwana akakunyozani mumamwetulira, "zikomo bwana, chabwino bwana." Kutchalitchi kuno ndinu ofatsa, aliyense amakutamani kuti ndinu ozizira mtima. Ine ndikufunsa: nanga moto uja mumakaulavulira kuti? Alipo amene amakhala kuseri kwa khoma lanu, kumene alendo safika. Mkazi wanu ali kumeneko. Ana anu ali kumeneko. Sanakulakwireni, angokhala pamene fani yapenya.

Gwedeza anazimitsa mochedwa, komabe anazimitsa. Lero mukafika kwanu, musafulumire kulowa. Imani pakhomo, mumvetsere. Ngati ana ankaseka, ndipo atamva mapazi anu nyumba yonse yangoti zii, musadzinamize kuti ndi ulemu.