Mlimi wa ku Atene Amene Anakafuula ku Sipata

Kalekale m'dziko la Agiriki panali munthu wina, dzina lake Mikoni, mlimi wa azitona. Munthuyu anali ndi mawu. Akapereka moni, nkhuku za kutsidya zinkasiya kuikira. Akatsokomola, asodzi ankakocheza mabwato poyesa kuti mvula yafika.

Munda wake unali kumalire a dziko la Atene, kumene adani amayambira kuponda akamabwera. Munali mitengo makumi anayi, yobzala agogo ake. Azitona si chimanga choti wabzala lero, posachedwa ukukukuta mondokwa. Mtengo wake umachedwa kubereka, ndipo ukaudula wadulira ndi adzukulu omwe.

Ku Atene kunalibe mfumu. Nkhani za mzinda ankazikamba amuna pa bwalo, aliyense wofuna kuyankhula n'kuimirira. Akazi ayi, akapolo ayi, alendo ayi, koma phokoso la amuna okhawo linkakwanira onse otsalawo. Uyu akuti, "Abale anga, ine ndikuti..." Uyo akuti, "Khala pansi iwe, ukununkha nsomba!" Uyu akuti, "Nsombazo ndi zimene zakunenepetsa!" Akatopa ankakweza manja, munthu n'kuwerenga.

Tsiku lina funso linali lakuti: asilikali akalondere minda ya kumalire, kapena akwere zombo apite kunyanja? Mikoni anaimirira. Anabangula mpaka a kutsogolo anagwira makutu, a kumbuyo anagwira zovala. Atamaliza, manja anakwera. Mbali yake, yofuna kulondera minda, inalephera ndi manja asanu ndi awiri.

Koma chimene chinamuwawa ndi ichi. Pafupi naye panali kankhalamba kosoka nsapato, mawu ake ngati a udzudzu. Kanakweza kadzanja kake, wowerenga anati, "Mmodzi." Atafika pa Mikoni anatinso, "Mmodzi."

"Mmodzi? Ine? Ndi kukhosi konseku?"

Kunyumba sanakhale pansi. Ankangolowa, kutuluka, kuzungulira chitsime, kulowanso.

"Abambo," anatero mkazi wake, "nkhaniyi ibweranso pa bwalo mwezi wamawa. Anansi athu kumalire kuno sapitako, amati n'kutali. Ayendereni khomo ndi khomo, mupite nawo. Anthu asanu ndi atatu okha, mitengo yapulumuka."

"Ine kumagogoda m'makomo ngati wopempha moto? Amayi, ndamva kuti ku Sipata sawerenga manja. Amamvera mfuu. Mbali yofuula kwambiri ndiyo yawina. Ndikaone mmene amachitira, lamulo limenelo ndibwere nalo kuno."

"Ku Sipata, kwa adani athu? Nanga mitengo?"

"Mitengo ilibe miyendo. Ndidzaipeza."

Anayenda masiku asanu, osapuma bwino, miyendo ikuyabwa.

Ku Sipata anapeza dziko lina. Mafumu awiri pa mzinda umodzi, ndi akulu aimvi owazungulira. Amuna sankalima. Olima anali anthu ena ogonjetsedwa, eni mzindawo ntchito yawo mkondo ndi chishango kuyambira ubwana mpaka imvi. Ndipo mawu ankawasunga ngati mbewu ya chaka cha njala. Mikoni anapatsa msilikali wina moni wa ku Atene, wautali, wofunsa za ana, za mbuzi, za nsana wa apongozi. Msilikaliyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuti, "Pita."

Anthu akumeneko anamulawitsa msuzi wawo wakuda bii, wa magazi a nkhumba. Lilime lake linapempha kuti libwerere kwawo lokha, mwiniwake adzalipeza.

Malo ogona anawapeza kwa munthu wina wosula zitsulo kunja kwa mzinda. Ameneyu ndiye anamuuza za bwalo.

"Kuno munthu wamba sayankhula, achimwene. Akulu amabwera ndi nkhani yophikaphika. Gulu limangoti eya kapena ayi, mofuula. Ine ndinabadwira konkuno koma pa bwalopo sindiponda, sindili m'gulu la eni mzinda. Inu mlendo musayandikireko n'komwe."

Pa zonsezi Mikoni anatolapo chimodzi: mofuula.

Tsiku la msonkhano anazembera kuseri kwa bwalo n'kukwera mumkuyu, chapatali ndithu. Mkulu wina anaimirira kunena funso. Koma funso la ku Sipata ndi lalifupi ngati mchira wa mbuzi. Mikoni asanakhazikike pa nthambi, mkuluyo anali atakhala kale pansi. Pansi pa mtengopo panali mayi wina amene anamva zonse. Kumufunsa kunali kungoweramira pansi. Mikoni sanafunse.

Mkulu anakweza ndodo. Theka la gulu linati, "Ayiii!"

Mikoni anadzikonza bwino pa nthambi.

Mkulu anakwezanso ndodo. Theka linalo linakoka mpweya. Mikoni nayenso anakoka wake, wa mwezi wathunthu, wa kankhalamba kosoka nsapato kaja, wa "Mmodzi" uja. Ndipo pamene iwo anati, "Eyaaa!" iye anatsegula kukhosi konse.

Nkhuyu zinayoyoka. Agalu a midzi itatu anathawira kumapiri. Mkulu uja anatokosa m'khutu n'kuti, "Achiwiri."

Msonkhano unathera pomwepo.

Mikoni anatsika mumtengo ngati nyani, anathamangira ku chipala cha wosula zitsulo uja akuvina njira yonse.

"Achimwene! Tawina! Kwathu amandiyesa mmodzi, kuno ndinali amuna zana!"

Wosula uja sanadzutse mutu. Pansi panali mulu wa nkhwangwa zimene asilikali anali atangomutulira.

"Mwawina chiyani?"

"Kaya! Koma tawina."

"Funso linali lakuti: asilikali apite chaka chino kukadula mitengo ya kumalire a Atene, kapena adikire. Akuti mbali ziwirizo zikanafanana, koma kuseri kunachokera mfuu ngati wa ng'ombe zogwera m'chitsime." Anatambasula dzanja. "Tandipatsirani nkhwangwa iyo, ndiinole."

Mikoni anathamanga. Ulendo wa masiku asanu anauyenda atatu. Nsapato zinatsala m'njira, mawu anasasa ndi fumbi. Anafika pa bwalo la ku Atene msonkhano uli m'kati, anakankha anthu, n'kuimirira.

"Akubwera! Anthu a ku Sipata akubwera ndi nkhwangwa!"

"Wadziwa bwanji?" anafunsa wina.

"Ndinali pa bwalo lawo. Ndinamva ndekha."

"Unali pa bwalo lawo? Nanga iwe unafuulira mbali iti?"

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, Mikoni anasowa mawu. Ndipo anthu a ku Atene akaona munthu wasowa mawu, amamubwereka awo. Ena anati ndi kazitape. Ena anati ndi wamisala. Wina anayamba kufotokoza mbiri ya azitona kuyambira pachiyambi pa dziko. Asilikali anali kunyanja ndi zombo. Anansi a kumalire, amene akanamuikira umboni kuti munthuyu ndi wopokosera koma si wabodza, anali m'minda mwawo, poti palibe amene anawaitana. Pamene manja ankakwera n'kuti utsi utayamba kale kuoneka kumalire.

Adani atabwerera kwawo, Mikoni ndi mkazi wake anapita kumunda. Anapeza zitsa makumi anayi, zodulidwa bwino, ndi nkhwangwa zakuthwa. Kenako mkaziyo anakhala pa chitsa chimodzi, n'kumuyang'ana.

"Abambo, mwati kumeneko anakumvani bwinobwino?"

"Anandimva," anatero Mikoni, motsitsa, mwakuti ngakhale nkhuku imene inali pafupi sinadzidzimuke.

Tsono nthano yathera pamenepa. Inu amene mwabwera pa msonkhano wathu wa lero uno mutanola kukhosi, mukudikira kuti mnzanu ayambe kuti inu mupolokeze: musanatsegule pakamwa, weramirani kwa amene ali pafupi nanu mumufunse kuti, kodi funso n'chiyani? Ndipo inu amene mukunyinyirika kuti kuno timachedwa ndi kukambirana, kwa anzathu zinthu zimathamanga, zoona zimathamanga. Nkhwangwa nayonso sichedwa.