Linthumbu la Padziwe la Mbawala

Ana inu, kuseri kwa phiri lina kunali kankhalango kakang'ono kotetezedwa. Alendo ankakonda kubwerako m'nyengo yozizira, chifukwa udzu ukauma ndi timitsinje tikaphwa, nyama ndi mbalame zinkasonkhana padziwe limodzi. Pambali pa dziwelo panali kachisakasa kobisalamo. Lamulo lake linali limodzi: ukalowa khala pansi, osagwedezeka, osatsokomola.

Operekeza alendo anali awiri, Sandikonda ndi mlamu wake Fanuwelo. Sandikonda ndiye anayamba ntchitoyi, ndipo ndi iye anamupezera malo mlamu wakeyo. Koma alendo akangotsika galimoto ankafunsa kuti, "Kodi a Fanuwelo alipo?" Mawu amenewa ankamulasa Sandikonda ngati minga ya mthethe.

Tsiku lina mayi Nangozo, oyang'anira nkhalango, anawaitana onse awiri.

"Mawa kubwera ophunzira a kukoleji kudzaona mbawala," anatero. "A Fanuwelo, mudzawalowetsa ndinu. Zikayenda bwino, magalasi oonera patali awa akhala anu, ndipo mukhala mkulu wa operekeza."

"Mwawina alamu," anatero Sandikonda, akumwetulira ndi mano okha.

"Munandiphunzitsa ndinu," anayankha Fanuwelo. "Mukadzafuna kuonera, ndizidzakubwerekani diso limodzi."

Nthabwala imeneyi inam'psetsa mtima. Masana omwewo Sandikonda anaona mzere wa linthumbu patsinde pa mkuyu, pafupi ndi dziwe. Anapita kwawo, natenga mitu ya nsomba ndi mafuta otsala m'poto, nakazikwirira pansi pa udzu m'kachisakasa muja, pakona ya kukhomo pamene woperekeza amakhala. "Tione ngati mwana wofatsayu sadzavina," anatero chamumtima.

Kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inaphimba mitengo, ophunzira akupuma utsi m'kamwa. Fanuwelo anatulukira atafunda bulangete, akutsokomola ngati chigayo chakale.

"Alamu, chifuwa ichi chingathamangitse ngakhale kamba," anatero. "Ophunzirawa muwalowetse ndinu, mwayi usachoke pabanja."

Mayi Nangozo anam'koleka Sandikonda magalasi aja m'khosi.

"Bwanji lero tikaonere kumtunda?" anafunsa Sandikonda.

"Anthu achoka kutali kudzaona mbawala, inu mukawaonetse miyala?" anatero mayi Nangozo. "Lowani."

Kuulula kunali kovuta, kukana kunalinso kovuta. Ophunzira anadzaza malo onse, ndipo panatsala pakona pomwe paja. Sandikonda anakhala pansi pang'onopang'ono, ngati wokhalira mazira.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Nkhwali zinatsika kudzamwa, kenako nkhanga. Patapita nthawi tchire linagwedera, mbawala yaimuna n'kutulukira, ikuponda mosamala, makutu ali chilili. Ophunzira anagwira mpweya. Nthawi yomweyo Sandikonda anamva tinthu tikukwera m'buluku. Analuma mlomo. Thukuta linatsika ngakhale kunali kozizira. Anaganiza za magalasi ali pachifuwa pake, nalimba mtima. Koma linthumbu likadzazana limaluma pamodzi ngati lapangana.

"Mayo ine! Ndafa!"

Anabowola udzu wa kachisakasa ndi mutu, akudzimenya m'ntchafu. Mbawala inauwa kamodzi n'kuzimirira, nkhanga zinabalalika ndi phokoso, ndipo magalasi aja anaduka chingwe n'kugwera m'dziwe, thibu!

Fanuwelo, amene ankadikira chapatali, anathamanga nayamba kum'thothola linthumbu kumsana. Atatha anasuzumira m'kachisakasa, napalasa udzu ndi ndodo. Anatola mutu wa nsomba wakuda bii ndi linthumbu, nauyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu," anafunsa motsitsa mawu, "kodi mbawala zinayamba liti kudya nsomba?"

Mayi Nangozo anayang'ana mutu wa nsombawo, nayang'ana miyendo yotupa ya Sandikonda.

"Chilango china n'chosafunika," anatero. "Vulani nsapato mukavuule magalasiwo, madzi ake ndi ozizira bwino. Choipa chitsata mwini."

Ophunzira aja anapita nawo mawuwa kwawo, ndipo anafala mpaka lero. Tikati choipa chitsata mwini, titanthauza kuti msampha umene munthu watchera mnzake chifukwa cha nsanje umadziwa fungo la manja amene anautchera, ndipo umabwerera komweko. Sandikonda anapatsidwa mwayi womwe ankaulirira uja, koma anaupeza atauwononga kale yekha.