Ovololo ya m'Jumbo

Panali munthu wina amene Loweruka lina anaweruka kuntchito atanyamula jumbo. Mkazi wake, Nangozo, anailandira pakhomo, natulutsamo ovololo n'kuikutumula. Kafumbi kotuwa kanauluka padzuwa. Anayetsemula, naseka.

"Bambo a Lonjezo, sabata yonse litsiro lake n'lomweli?"

Mwamunayo ankagwira ntchito pa fakitale ina yopanga zitsulo za ndege. Ankasakaniza ufa wa zitsulo ziwiri, titaniyamu ndi beriliyamu, kuutsindira m'chikombole, n'kuuwotcha mpaka ugwirane. Chotulukamo chinali chopepuka koma chosapindika. Fumbi la beriliyamu limawononga mapapo, choncho lamulo linali lakuti zovala zantchito zisatuluke pageti. Fakitale inkachapa yokha, ndipo wophwanya lamuloli ankachotsedwa ntchito.

Koma Nangozo anali atadandaula. "Zovala zanu azichapa ena ine ndili moyo? Anzanga aziti ndine mkazi wanji?"

Lamulo ankalidziwa mwamunayo. Kukhumudwitsa mkazi wake ndiye sanafune. Anayamba kubisa ovololo m'jumbo.

Patapita zaka, Nangozo anayamba kutsokomola. Anamwa mankhwala a chifuwa chachikulu, koma osapeza bwino. Kuchoka kuchipinda kufika pakhonde ankapumulira panjira. Kuchipatala, dokotala anayang'ana chithunzi cha mapapo ake nthawi yaitali. Mchimwene wa Nangozo anali ataima kumutu kwa bedi, mwamunayo kumiyendo.

"Mayi, munagwirapo ntchito pamalo a fumbi la zitsulo?"

"Ine? Ayi, adokotala. Ndimangokhala pakhomo."

Dokotala anatembenuka kuti azipita. Mwamunayo anayang'ana mlamu wake. Anaganiza za ntchito. Nangozo anamuyang'ana, napukusa mutu pang'ono pomuletsa.

"Adokotala," anatero mwamunayo, "amachapa ovololo yanga ya kufakitale ya zitsulo. Ndimabwera nayo ndine."

Dokotala anabwerera pafupi ndi bedi.

Mankhwala anasinthidwa tsiku lomwelo. Ntchito ya mwamunayo inatha. Mlamu wake sanamulankhulenso. Nangozo anakhala ndi moyo mpaka mvula yoyamba.

Inu amene mukumva, pali zinthu zimene okondedwa anu adzakupemphani ndi mtima wabwino, inu mukudziwa zimene iwo sakudziwa. Kanani. Auzeni chifukwa chake, ndipo muwauze akadali ndi mphamvu zokukwiyirani.

Maliro atatha, mwamunayo anakayezetsa. Mapapo ake anapezeka abwinobwino.