Mayi Amene Anakapala Moto M'tauni

Panali bambo wina wa ku Ntchisi amene maso ake anachita ng'ala. Poyamba ankaona ngati kunja kuli nkhungu, kenako anasiya kuzindikira nkhope za ana ake. Atamva kuti pa chipatala china ku Lilongwe pabwera madokotala a maso, ananyamuka ndi mkazi wake ndiponso mwana wawo wamkazi. Mwanayo ndiye ankaidziwa tauni, popeza uphunzitsi wake anauphunzira komweko.

Iye anawapezera chipinda pa resitihausi yotchipa kuseri kwa depoti. Munali mabedi awiri, mpando umodzi, ndi zenera losatsekeka bwino. Pachitseko anamatapo pepala loletsa kuphikira m'chipinda. Asanamasule n'komwe katundu, mwanayo anawalangiza makolo ake kuti kuno sapatsa moni aliyense, sapempha kanthu kwa munthu, chilichonse amachita kugula. Mayi ake anangovomera ndi mutu.

Lolemba dokotala anawayeza bambowo ndipo anapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Anawapatsa mapiritsi oti azimwa atadya kaye. Anati Lachinayi magazi akatsika awachita opaleshoni. Akapanda kutsika abwerere kumudzi, akadikire ulendo wina wa madokotalawo, umene palibe ankadziwa tsiku lake.

Vuto linali kudyako. Chisiyireni kuona, bambowo sankadya chophika munthu wina koma mkazi wawo yekha. Ankati zimene zili m'mbale saziona, ndiye amadalira dzanja limene akulidziwa. Mwana anagula chipisi pachiwaya, iwo ananunkhiza n'kukankhira pambali. Anagula mpunga wa nyama, iwo anati akhuta. Piritsi loyamba analimwa m'mimba mulibe kanthu, ndipo anachita chizungulire n'kusanza. Lachiwiri m'mawa anakana kudzuka. Anagona choyang'ana kukhoma.

M'chikwama cha mayi munali ufa wa mgaiwa, nsinjiro ndi kapoto kakang'ono. Dzuwa litafika pamutu, iwo anamanga chitenje, anatenga chivindikiro cha kapotoko, n'kutsegula chitseko. Mwana anawafunsa kumene akupita. Anati akukapala moto.

Kwawoko moto ukazima pakhomo, munthu amatenga phale n'kupita kwa mnansi amene pakhomo pake pakufuka utsi, ndipo palibe amachita nazo manyazi. Mayiwo anali ataona utsi kutsidya kwa msewu. Mwana anayesa kuwaletsa, koma iwo anali atawoloka kale. Anawatsatira chapatali, n'kukaima kuseri kwa mtengo wa magetsi.

Utsiwo unkachokera pa chisakasa cha malata cha mayi wina wogulitsa chakudya, amene anthu ankamutcha a Nasoko. Anali ndi mabenchi awiri ndi mbaula ziwiri, ina ya nyemba, ina ya mpunga. Inali nthawi imene madalaivala ndi makondakitala a maminibasi amadya, ndipo mzere unali utafika mumsewu.

Mayi wa ku Ntchisi uja sanaime pamzere. Anapita pafupi ndi mbaula, anagwada, anapereka moni, n'kufotokoza zonse mwadongosolo: kumene achokera, za maso a amuna awo, za mapiritsi, za Lachinayi. Atamaliza anatambasula chivindikiro chija ndi manja awiri, n'kupempha makala atatu a moto.

Amuna a pabenchi anaseka. Kondakitala wina anati, "Amayi, mwatsika basi msanga, kumudzi ndi kutsogoloko."

A Nasoko sanaseke. Anafunsa kuti akawapatsa makalawo akasonkha pati. Mayiwo anati kuseri kwa resitihausi aonako njerwa zitatu pafupi ndi khoma. A Nasoko anapukusa mutu, nati mlonda wa pamenepo akawathamangitsa madzi asanawire n'komwe.

Kenako anayang'ana mzere wa anthu, anayang'ananso mapoto awo. Anatenga kansanza, anaphula mpunga umene unali usanapse, n'kuuika pansi.

"Katengeni poto wanu, mayi. Muphikire pompano."

Dalaivala wina anadandaula kuti minibasi yake yatsala pang'ono kudzaza. A Nasoko anamuuza kuti wofulumira apite pachiwaya, mpunga udikira. Anthu atatu anachoka akung'ung'udza. Mpungawo utabwerera pamoto sunapsenso bwino, ndipo otsalawo sanawabisire a Nasoko zimenezo.

Phala lili pamoto, a Nasoko anaponya maso kumtengo wa magetsi kuja.

"Achemwali, si mayi anu awa? Mphuno ndi yomweyo. Bwerani mundigwirire mbalezi, musangoima ngati apolisi."

Mwanayo anabwera atazyolika, anapinda manja a bulauzi, n'kuyamba kutsuka mbale. Ankangomva mayi ake ndi a Nasoko akutsutsana za nthawi yothirira nsinjiro, ngati anthu odziwana kalekale.

Anabwerera kuchipinda ndi phala lotentha. Bambo anadzuka, analawa kamodzi, n'kufunsa supuni ili m'manja.

"Mwaupeza kuti moto?"

"Kwa anansi," anatero mayi.

Anamaliza mbale yonse, namwa piritsi. Madzulo a tsikulo ndiponso Lachitatu lonse, kapoto kaja kanali ndi malo ake pambaula ya a Nasoko. Lachinayi m'mawa namwino anawayeza bambowo, anayezanso kachiwiri, kenako anauza mayi ndi mwana kuti adikire panja, bambo akulowa ku opaleshoni. Bambowo anabwerera ku Ntchisi akuwerenga okha zikwangwani za m'mbali mwa msewu.

Abale anga, mwanayo sananame. M'tauni zinthu amagula, ndipo wopempha amasekedwa. Koma iye ankaganiza kuti anthu onse a m'tauni ndi otero, ndipo akanamveredwa, bambo ake akanabwerera kumudzi ali mumdima. Mayi ake sanadziwe malamulo a tauni. Anangoona utsi, n'kukhulupirira kuti pansi pa utsiwo pali munthu.

Ambiri a ife tinafika kuno tili alendo, ndipo wina anatiphulira poto wake nthawi imene iye ankaufuna motowo. Mwina dzina lake tinaliiwala. Ngati mukulikumbukira, musadikire kuti mudzakumane naye mwangozi. Pitani mukamuthokoze. Ndipo tsiku limene mlendo adzagwade pafupi ndi mbaula yanu, anthu akumuseka, inu muli pakati pa ntchito, musadzangomupatsa makala kuti achoke msanga. Mudzamufunse kumene akukasonkha.