Kamtedza, Munthu Amene Ankatuma Mphasa ku Maliro

Kalekale, agogo a agogo ako asanabadwe, kunali munthu dzina lake Kamtedza. Tsamiritsa njingayo pamtengopo, mphwanga, ukhale pansi. Okwera akowo sathawa. Dzulo sitinakuone kumanda, ndiye lero undimvere ine amalume ako.

Kamtedza ndi mkazi wake Nasimango anali obwera. Kwawo kunagwa njala, abale awo onse anatha. Anayenda, anayenda, mpaka anafika pamudzi wina wa m'mphepete mwa dambo. Eni mudzi anawalandira. Anawapatsa malo, anawapatsa mbewu. Nkhalamba ina, a Kanyumbu, inawathandiza kuzika nsichi za nyumba. A Kanyumbuwo anali mkulu wa adzukulu, aja okumba manda.

Nyumba itatha, Nasimango anati, "Bambo, ife tilibe mbale. Mwana tilibenso. Anthu awa ndiwo adzatiike m'manda. Ine chimene ndimaopa n'chimodzi, kufa popanda wondilira."

Kamtedza anati, "Musadandaule, mayi. Zimenezo sizingachitike."

Tsono Kamtedza ankadziwa kusoka mphasa. Za ulesi ayi, tisamunamizire munthu. M'mawa kudambo kukadula bango. Masana kuling'amba ndi kuliyanika. Dzuwa likapendeka, kusoka. Mphasa zake ukagonapo sizinkatsina.

Pamudzipo panali mwambo. Pakagwa maliro, makasu onse ankagona. Wakumunda ankabwerera, wakudambo ankabwerera. Amuna kumanda ndi adzukulu, amayi kusiwa kukalira ndi anamfedwa. Wolemera, wosauka, aliyense ankapita ndi miyendo yake.

Chaka china kunabwera amalonda atasenza nsalu, mchere ndi mikanda. Anaona mphasa za Kamtedza, anazisisita.

"Utisokere zambiri," anatero. "Mwezi ukaoneka tizidutsa pano. Tizikupatsa nsalu ndi mchere."

Masiku amenewo anthu ankavala nyanda, ija ya makungwa a mtengo. Kamtedza anayang'ana nyanda ya mkazi wake, yothetheka m'mbali, mtima unamuwawa. Anavomera.

Anasoka, anasoka. Mwezi unaoneka, amalonda anadutsa, nsalu inalowa m'nyumba. Nasimango anaivala, anazungulira nayo pabwalo akuseka ngati kamtsikana. Amayi anzake anabwera kudzaigwiragwira.

Nasimango anati, "Zikomo, bambo. Imodziyi yakwana."

Kamtedza anati, "Pafunika ina yosinthira."

Ina yosinthira inabwera. Kenako panafunika ina yosinthira yosinthirayo. Usaseke, nawenso umatero.

Tsiku lina m'mawa kunamveka mfuu. Mwana wa mnansi wawo anali atamwalira. Makasu anagona. Koma amalonda anali pafupi kudutsa, ndipo mphasa zinali zisanakwane.

Kamtedza anasankha mphasa yabwino, anaipinda, anapatsa mkazi wake. "Pitani nayo, akakulungire mwanayo. Mukanene kuti mphasa iyi yandiimirira."

"Inu simupita?"

"Ndikapita ine, bango liuma mopitirira."

Nasimango anapita yekha. Anthu analandira mphasa ija. Anati, "Zikomo. Mwina munthuyo wadwala."

Kamtedza anatsikira kudambo. Kumeneko anapeza nantchengwa, mbalame ija yomanga chisa chachikulu, itanyamula kamtengo kukamwa. Inakaika pansi.

"Kamtedza, kumudzi kukumveka kulira."

"Ndatumizako mphasa."

"Mphasa imalira?"

"Iwe usandinene. Nawenso sutopa kututa zinyalala tsiku lonse."

Nantchengwa inati, "N'zoona. Ndamanga nyumba zitatu ine. Ina mukugona kadzidzi, ina njoka, ina njuchi. Chimene ndikumangira yachinayiyi sindikuchidziwa."

Inatola kamtengo kake, inauluka. Kamtedza anaseka, anapitiriza kudula bango.

Miyezi inapita. Kunamvekanso mfuu. Ulendo uno anamwalira bambo wina amene anawapatsa mbewu chaka chofika chija. Nasimango anatenga nsalu yake kuti azipita.

Kamtedza anati, "Lero musapite. Bango lachuluka, manja anga sakukwana. Mundithandize kung'amba."

"Bambo, anthu atiyesa chiyani?"

"Titumiza mphasa ndi mchere. Ndani wina pamudzi pano angapereke mchere pamaliro?"

Anaitana munthu wodutsa, anamusenzetsa. "Mukanene kuti izi zatiimirira."

Nasimango anakhala pansi, anang'amba bango. Misozi inkagwera pabango pomwepo. Nyimbo za maliro zinkamveka chapatali, Kamtedza n'kumaimba mluzu kuti zisamusokoneze.

Anthu analandira mphasa ndi mchere. Ulendo uno sananene kuti wadwala. Ankaona utsi ukufuka pakhomo pake.

Kachitatu, anamwalira mkazi wa a Kanyumbu. A Kanyumbu amene anakumbira mudzi wonse, a Kanyumbu amene anazikira Kamtedza nsichi. Amuna awiri anabwera kudzanena uthenga. Kamtedza atawaona patali, anathawira kudambo, anabisala m'bango. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, chogwada m'matope.

Nantchengwa inamuyang'ana ili pamtengo.

Amuna aja atapita, anatuluka. Anatumiza mphasa, mchere ndi tambala wamkulu.

Maliro atatha, a Kanyumbu anabwera okha pakhomo pa Kamtedza. Anakana mpando.

"Tambala wanu anafika," anatero. "Anakhala nafe bwinobwino. Koma sanandigwire dzanja."

Kamtedza anati, "Pepani, ntchito inandichulukira."

"Ndaona," anatero a Kanyumbu, ndipo anabwerera.

Kuyambira pamenepo Nasimango akafika pachitsime, amayi ankangoti zii. Moni ankamuyankha, koma nkhani ayi. Nsalu zinadzaza mtanga, wina woti aziyamikire panalibe. Iye anasiya kuzivala, anabwerera ku nyanda yake yakale ija.

"Bambo, pitani mukapepese," ankatero. "Pakagwa maliro ena, mukakhale woyamba kugwira khasu."

"Amalonda akadutsa ulendo uno, ndipita."

Amalonda anadutsa.

"Bambo, pitani mukapepese."

"Akadutsa ulendo winawu, ndipita ndithu."

Anadutsanso. Maliro ena awiri anagwa, mphasa ziwiri zinapita.

Chilimwe chitafika, Nasimango anayamba chifuwa. Anakhosomola, anaonda, anagona. Kamtedza anamugulira mankhwala, anamufunditsa nsalu zatsopano. Ankamukonda, usaganize kuti sankamukonda. Koma mwezi unali pafupi kuoneka.

Tsiku lina masana Nasimango anaitana ali m'nyumba. "Bambo, bwerani mukhale pano pang'ono."

Kamtedza anali pakhonde pomwepo. "Ndimalize mphasa iyi, mayi. Yatsala pang'ono."

"Bambo."

"Ndikubwera."

Anasoka, anasoka. Anamanga mfundo yomaliza, anadula chingwe. Anamva ludzu, analowa m'nyumba kukamwa madzi. Anapeza mkazi wake atatembenukira kukhomo, maso ali tong'o, thupi litayamba kuzizira.

Kamtedza anatuluka akuthamanga. Analowa khomo ili, analowa khomo ilo. "Kwathu kwagwa zovuta. Akazi anga andisiya."

Aliyense anati, "Pepani. Tamva."

Anabwerera kunyumba, anasesa pabwalo, anayala mphasa zonse kuti anthu adzakhalepo. Anadikira.

Anabwera bambo wina atanyamula khasu. Analiika kumapeto kwa bwalo. "Khasu ili landiimirira." Anatembenuka, anapita.

Anabwera mayi wina atasenza ufa. Anautula pambali pa khasu. "Ufa uwu wandiimirira." Anatembenuka, anapita.

Wina nkhuni. Wina nkhuku. Wina mitengo ya chithatha chonyamulira maliro, ndi luzi lake lomwe. Palibe anamana, palibe anatukwana. Aliyense anapereka chabwino, monga ankaperekera iye. Dzuwa lisanalowe, katundu anali mulu pabwalo. Pamphasa zija panalibe ndi mmodzi yemwe, nkhuku zokha n'kumayendapo.

Kutacha, Kamtedza anasenza mtanga wa nsalu, anapita kwa a Kanyumbu. Anagwada.

"Tengani zonsezi, mugawane ndi adzukulu anzanu. Mungondikumbira manda."

A Kanyumbu sanayang'ane n'komwe mumtangamo. "Ife manda sitikumbira nsalu. Timakumbira munthu amene mawa adzatikumbire."

"Ndalakwa ndine. Akazi anga sanalakwe."

"Nyamulani nsalu zanu," anatero a Kanyumbu.

Kamtedza anatola khasu lija, anapita kumanda yekha. Njira anachita kufunsa. Zaka zonsezo anali asanapondeko. Anasankha malo kumphepete, anayamba kukumba. Dothi la chilimwe, louma gwa. Khasu linkangodumpha. Manja ozolowera singano anatuluka matuza, matuza anaphulika. Dzuwa linalowa dzenje lili m'mawondo.

Tsiku lachiwiri anakumba mpaka m'chiuno. Tsiku lachitatu mpaka m'chifuwa. Pobwerera kunyumba anapeza ntchentche zili ng'waa pakhomo. Fungo linali litayamba kutuluka panja.

Womusambitsa Nasimango panalibe. Anamusambitsa yekha, ntchito imene mwamuna saigwira. Anamukulunga nsalu, ina pamwamba pa ina, mpaka mtanga unatha. Kutacha anamanga chithatha, anamugonekapo.

Tsono chithatha chili ndi zogwirira kutsogolo, chili ndi zogwirira kumbuyo. Iye anali mmodzi. Akanyamula kumutu, kumiyendo kuli pansi. Akanyamula kumiyendo, kumutu kuli pansi. Anagwira kumutu, anayamba kukoka. Mitengo inkalemba mizere iwiri m'fumbi. Anadutsa pakati pa mudzi. Anthu anali m'nyumba zawo, zitseko zotseka.

Atafika pachitunda, mphamvu zinamuthera. Chithatha chinapendekeka, mtembo unatsetserekera pansi. Kamtedza anakhala m'fumbi pambali pake.

Anamva mapazi. Anali a Kanyumbu, ndi ndodo yawo.

"Sindinabwerere inu," anatero. "Mayiwa, tsiku la maliro a mwana uja, anafika ndi miyendo yawo. Ndinawaona. Gwirani kumutuko."

Nkhalamba inagwira kumiyendo. Anayenda pang'ono, anatula. Anayenda pang'ono, anatula. Atafika, a Kanyumbu anasuzumira m'dzenje muja, anapukusa mutu.

"Mwakumba mopingasa. Kuno mutu suloza uko."

"Sindinadziwe."

"Mukanadziwira kuti? Nthawi yokonza yatha. Agona choncho."

Anamutsitsa, anakwirira. Mtumbira unatha dzuwa lili pamutu. Kenako kunangoti zii.

A Kanyumbu anapukuta manja. "Yanga ndi ya khasu, yatha. Kulira ndi kwa amayi, ndipo sanabwere. Muwalire nokha akazi anu."

Kamtedza anatsegula pakamwa kuti ayambe nyimbo ya maliro. Sinabwere. Anayesa ina. Sinabwere. Nyimbo za pamudzipo ankangozimvera patali, mawu ake sankawadziwa. Anaima pamenepo kukamwa kuli yasa. Chimene anatha kunena ndi dzina lokha. "Nasimango. Nasimango." A Kanyumbu anadikira pang'ono, kenako anatola ndodo yawo.

Mayi uja anapita choncho. Nsalu mtanga wathunthu, nyimbo ndi imodzi yomwe ayi. Ine ndikafika pamenepa mtima umandipweteka, ngakhale ndaikamba nthano iyi kambirimbiri.

M'mawa mwake amalonda anafika. Anaona mphasa zili yale pabwalo, anakondwera.

"Lero watikonzera bwino," anatero. Anazipinda zonse, anasiya nsalu pakhonde. "Mwezi wamawa tifuna zoposa izi."

Kamtedza anayang'ana nsalu ija. Anayang'ana m'nyumba. Woti aivale munalibe. Anakhala, anakhala. Kenako anatola singano, anakoka bango, anayamba kusoka. Nanga akanatani? China chimene ankachidziwa panalibe.

Wamva, mphwanga? Ine sindikuti anthu a mudzi uja anachita bwino. Anafuna kulanga wamoyo, koma amene anagona mopingasa ndi mayi wosalakwa. Mitima yawo inauma, ndipo zimenezo zimandinyansa. Sindikutinso ntchito ndi yoipa. Gwira maganyu ako, ana avale, mlamu wangayo... ayi, mpongozi wangayo adye za mafuta. Waulesi ine sindimufuna pakhomo panga.

Koma pali zina zimene sutuma. Shuga amene unatumiza dzulo anafika, tinamwera tiyi, anali wokoma. Potsitsa bokosi, chingwe cha kumiyendo chinasowa munthu. Anthu anayang'ana uku ndi uku, kenako anayang'ana ine. Ndinagwira ine, ndi msana wangawu. Palibe anatchula dzina lako. Kusatchulako ndi kumene kwandiopsa.

Pomwepo ndiye pathera nthano yanga.