Mlimi wa Mwendo wa m'Chikhakha

Panali mlimi wina amene anagwa padenga akufolera nyumba yake, mvula ili pafupi kugwa. Mwendo unathyoka pansi pa bondo. Anamunyamula pa ngolo kupita naye kuchipatala, kumene dokotala anajambula mwendowo, nayang'anitsitsa chithunzi cha fupa, kenaka anaumanga m'chikhakha.

Pomutulutsa, dokotalayo anati, "Masabata asanu ndi atatu musaponde ndi mwendo uwu. Ululu udzatha msanga, koma musadzanamizike. Fupa lidzakhala lisanagwirane."

Mlimiyo anavomera. Kuvomera uli pabedi la kuchipatala n'kosavuta.

Mvula inagwa. Mkazi wake, Nagama, anadzala yekha, ndipo theka la munda linatsala losadzala. Mwamunayo ankakhala pakhonde, mwendo atauwongola pamphasa, n'kumaona anzake akudutsa ndi makasu paphewa. Chimanga chinamera, udzu nawo unamera. Nagama akapalira mizere ya kumtunda, ya kumunsi inali itawirira kale. Ankabwera madzulo manja ali matuza okhaokha, koma sankadandaula.

Sabata lachisanu ululu unatheratu. M'chikhakhamo munkangoyabwa. Mnzake wina anabwera kudzamuzonda, ndipo atamva zimenezi anamuuza kuti mwendo ukayamba kuyabwa ndiye kuti wapola, ndiponso kuti madokotala amangochulutsa masiku chifukwa salima. Anamusiyira sowo wake kuti adulire chikhakhacho.

Tsiku lonse mlimiyo anakhala ndi sowoyo pamiyendo. Anagwedeza zala za kuphazi, zinagwedezeka bwinobwino. Anaganizira za njala ya chaka chamawa, za ana ake atatu, za manja a mkazi wake. Nagama pobwera kumunda anamupeza ataika kale mano a sowo pachikhakha.

Anatula khasu, nakhala pansi pambali pake. "Abambo, kodi fupalo inu mwaliona?"

Mwamunayo anati sanalione, koma sakumvanso kupweteka.

"Amene analiona ndi adokotala," anatero Nagama. "Udzu tonse tikuuona. Fupa analiona ndi iwo okha."

Mlimiyo anachotsa sowoyo pachikhakhapo, napempha mkazi wake kuti akabweze kwa mwini wake tsiku lomwelo, usagone m'nyumbamo. Anadikira masabata atatu otsalawo. Kuti manja asakhale chabe, ankasoka mphasa, ndipo nthawi zina mkazi wake ankamumva akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Musaganize kuti kumvera kwake kunadzaza nkhokwe. Chaka chimenecho anakolola pang'ono. Pofika Januwale wa chaka chotsatira banjalo linkadya kamodzi patsiku, masiku ena maungu okha. Koma chikhakha chitachotsedwa, mwendo unatuluka wowonda, wotuwa, koma wowongoka. Anayamba ndi ndodo, kenaka anaisiya. Dzinja lotsatira anagalauza munda wonse mpaka kumalire, Nagama akudzala pambuyo pake, ndipo analima motero zaka zambiri mpaka imvi zinamera. Akafunsidwa za chaka cha njala chija, ankangoseka n'kunena kuti sanafe.

Abale anga, ena mwa inu mwakhala pano muli m'chikhakha. Mulungu wakuuzani kuti dikirani, kapena kuti njira yachiduleyo musadzere, pamene udzu ukukula inu mukuona. Ndipo sipalephera kubwera mnzanu wokukondani, sowo ali m'manja. Sindikulonjezani kuti mukamvera simutaya kanthu. Mwina chaka chino mukolola theka. Koma inu mukuona munda wa chaka chimodzi, pamene Iye amene anakuumbani akuona mkati mwanu, ndi zaka zonse zimene mudzayenda. Bwezani sowoyo lero, dzuwa lisanalowe.