Tindevu Pansi pa Chitenje

Pamudzi wina wa m'mbali mwa msewu wa tala panali mtsikana wina. Dzina lake tingomuti Ndaziona. Anali wakhama, ankagulitsa zitumbuwa pa siteji ya basi, ndipo nkhope yake inalibe chilema. Koma pamwamba pa mlomo pake panamera tindevu. Sitinali tambiri ayi. Tinali takuda, tofewa, tooneka pokhapokha dzuwa likamuwomba cham'mbali.

Ali kusukulu, mnzake wina anamutchapo kuti "abambo", ndipo dzinalo linamukakamira chaka chathunthu. Kuyambira pamenepo anaphunzira kuseka ataphimba pakamwa ndi dzanja. Pogulitsa malonda ankakhala mofulatira dzuwa. Pojambulitsa ankaweramitsa mutu. Anthu ankati ndi mwana waulemu. Sunali ulemu umenewo, anali manyazi.

Lezala ankaliopa, chifukwa anamva amayi ena pa mjigo akunena kuti ukameta kamodzi zimabwerera zolimba ngati za mwamuna. Ndiye ankangotisiya tindevuto, n'kumatida mumtima.

Ankakhala nyumba imodzi ndi mlamu wake Nagama, mkazi wa achimwene ake. Galasi m'nyumbamo linali limodzi, losweka pakona, lopachikidwa pamsomali pafupi ndi zenera. Loweruka lililonse m'mawa Nagama ankalichotsa galasilo n'kupita nalo kuseri kwa khitchini, ulusi wakuda uli m'manja. Ndaziona ankaona, koma ankaganiza kuti alamu akukasoka. Sanadzifunsepo kuti munthu wosoka amalifuniranji galasi.

Kenako kunabwera mwamuna, wokonza njinga, wofatsa. Anafunsira, ankhoswe anakumana, tsiku la chinkhoswe linaikidwa. Inu mukudziwa mmene zimakhalira tsiku limenelo. Atsikana atatu amawafunditsa zitenje kuyambira kumutu, n'kuwatulutsa pamaso pa anthu. Akuchimuna amavundukula mmodzimmodzi, kukana amene si wawo, mpaka apeze mkazi amene adzera. Chitenje chomaliza chikangochoka, maso onse a m'bwalo amagwera pankhope imodzi.

Ndaziona ankaganizira mphindi imeneyo usana uliwonse ali pamalonda. Anamva kuti wodzavundukula adzakhala azakhali a mwamunayo, mayi amene ankati maso awo saphonya kanthu. Anamvanso zimene anthu amakamba, zoti mkazi wa ndevu ndi wankhanza, amalamulira mwamuna m'nyumba. Anaopa kuti azakhaliwo adzangoyang'ana kamodzi, n'kubwerera kwawo ndi mawu akuti mwana wathu wakatola chiyani.

Tsiku lina anakwera basi kupita pamsika wakutali, kumene palibe ankamudziwa. Anagula kachubu ka mankhwala ochotsera ubweya. Wogulitsayo anali mwamuna, ndiye sanamufunse kanthu, anangolandira n'kubisa m'chikwama. M'bokosimo munali kapepala ka zilembo zing'onozing'ono za Chingerezi. Iye sukulu analekezera Sitandade 5. Nagama anafika Fomu 2, ndipo makalata onse a m'nyumbamo ankawerenga ndi iye.

Kawiri konse Ndaziona anaima pakhomo la chipinda cha mlamu wake, kapepala atakafumbata m'dzanja.

"Wafuna chiyani, iwe?" anafunsa Nagama.

"Ayi alamu, ndimafuna machesi."

"Machesi m'chipinda mwanga? Chinkhoswe chisanafike mutu wasokonekera kale."

Onse anaseka. Mawa lake kapepala kaja anakulungira zitumbuwa za munthu wina, kanapita ndi basi.

Anadziuza kuti pepala n'losafunika, mankhwala a tsitsi amawadziwa. Kawiri anawongoletsapo tsitsi ku saluni, ndipo pamene mutu unkayamba kutentha, womupaka uja ankamuuza kuti, "Pirira, akamatentha ndiye kuti akugwira." Lamulo limenelo analisunga bwino. Anaganizanso kuti asapake msanga, kuopa kuti tindevu tingamerenso tsiku lisanafike. Anadikira m'mawa wa tsiku lenileni la chinkhoswe.

Analowa m'bafa la udzu ndi ndowa yake, napaka mankhwalawo mochindikala, ngati akuzira pansi. Posakhalitsa panayamba kunyerenyetsa. Iye anati akugwira. Panayamba kutentha. Iye anati pirira. Wotchi analibe. Kunja amayi ankapha nkhuku za alendo, ndipo anadikira mpaka atamva kuti zonse zinayi zaphedwa, zasosoledwa. Misozi inkatsika yokha, koma sanasunthe.

Pamene anatsuka, tindevu tinachoka. Khungu nalo linachoka. Pamwamba pa mlomo panatsala mzere wofiira, wonyowa, wochokera mbali ina kufika mbali ina, ndipo m'mphepete munayamba kutuluka matuza.

Sanaitane munthu. Anatenga chitenje chatsopano chimene anamugulira, nadzifunditsa yekha asanauzidwe, n'kukakhala pakona ya chipinda. Amayi achikulire atamuona anamuyamikira kuti mwanayu walangidwa bwino, akudziwa mwambo. Nagama anabwera ndi pawudala kuti amudzoze.

"Ndadzola kale, alamu," anatero ali mkati mwa chitenje.

Masana alendo anadzaza bwalo. Tambala ndi msoti zinali zitamangidwa pambali kudikira nthawi yake. Atsikana atatu anatulutsidwa ndi nyimbo, Ndaziona ali kumapeto. Azakhali aja anadzuka, mayi wamfupi wonenepa, wovala duku lobiriwira. Anavundukula woyamba, nati, "Uyu ndi wokongola, koma si wathu, mubwezereni kumene mwamubwereka." Anthu anaseka. Anavundukula wachiwiri, nati, "Uyu akadali wa kusukulu, mukufuna mutimangitse?" Anthu anasekanso.

Anafika pa wachitatu. Anagwira m'mphepete mwa chitenje, nakoka. Chitenje sichinachoke. Ndaziona anali atachigwira mkati ndi manja onse awiri. Anakokanso, chimodzimodzi. Nyimbo inayamba kuzilala. Wina kumbuyo anati, "Kodi wasintha maganizo?" Mwamuna uja anaweramitsa mutu, n'kumayang'ana nsapato zake. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anayang'anana.

Azakhaliwo anali ndi mphamvu zokwanira kukoka kamodzi, chitenje n'kuthera m'manja mwawo. Sanatero. Anagwada, natukula kunsi kwa chitenjecho pang'ono, nalowetsa mutu wawo mkati. Anthu anangoona chitenje chimodzi chili ndi mitu iwiri.

Mkatimo munali kuwala kokwanira. Anayang'ana mlomo uja kwa kanthawi, nafunsa motsitsa mawu.

"Mankhwalawo unawasiya nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka nkhuku zinatha kusosola."

"Zingati?"

"Zinayi."

"Mwana iwe. Ine ndinawasiya nthawi yophika tiyi basi, koma ndinalira sabata yonse. Bweretsa chala."

Anatenga chala cha Ndaziona, nachiyendetsa pamwamba pa mlomo wawo. Panali pokhakhala, ngati munda wongosengedwa kumene.

"Masiku ano ndimazula ndi zala zopaka phulusa," anatero. "Tamvera. Chilonda ichi masabata awiri chapola. Koma ukapitiriza kugwira chitenjechi, anthu awa akanena kwawo kuti unakana mwana wathu pagulu, ndipo zimenezo sizipola. Ine sindikokanso. Usiye wekha."

Anatulutsa mutu, naimirira, nakonza duku lawo, manja n'kuika kumbuyo. Kenako chitenje chija chinatsetsereka chokha, n'kugwera pamapewa.

Anthu anaona. Palibe amene akanalephera kuona. Mayi wina wakuchimuna anafunsa mokweza kuti, "Nanga wapsa ndi chiyani pakamwapo?"

"Wapsa ndi zimene ambirife tinapsa nazo," anayankha azakhali. "Ndi ameneyu amene tadzera. Imbani."

Nyimbo isanayambe panachitika kanthu kakang'ono. Amayi angapo m'bwalomo, ena akuchimuna ena akuchikazi, manja awo anakwera okha kukagwira pamwamba pa mlomo, n'kutsikanso msanga. Ndaziona anawaona. Mmodzi wa iwo anali Nagama.

Mwambo unapitirira. Tambala anaperekedwa, msoti unaperekedwa, ndipo alendo anadya nkhuku zija.

Mawa lake Nagama anachotsa galasi pamsomali, namuitana Ndaziona kuseri kwa khitchini. Anadula ulusi wakuda, naumanga mfundo, naupota pakati pa zala, namuonetsa pa mkono wake mmene umatolera ubweya. Anati anaphunzira kwa mayi wina amene ankamugwirira ntchito mutawuni asanakwatiwe.

"Zaka zinayi tikudyera mbale imodzi," anatero Nagama. "Unalekeranji kundifunsa?"

"Nanga inu munalekeranji kundiuza, alamu? Tindevu tanga simunkationa?"

"Ndinkationa. Ndinkaopa kukuchititsa manyazi."

Ndaziona analandira ulusi uja, nayamba kuupota pakati pa zala zake.

Chilonda chinapola monga ananenera azakhali. Ukwati unachitika, ndipo ulipo mpaka lero. Tindevu tinameranso, Ndaziona amatizula ndi ulusi Loweruka lililonse, ntchito ya mphindi zochepa. Koma pamene panapsa paja panatsala mzere wakuda. Ukamuona patali, umaganiza kuti ndi ndevu. Umenewo ulusi suchotsa.

Tsono amayi anzanga, ndi inu atsikana amene mukuyembekezera tsiku lanu, nkhani ya ndevu ndi yaing'ono. Wofuna kuchotsa achotse, wofuna kusiya asiye, mlomo ndi wake. Mukagula mankhwala, pepala liwerengedwe, ngati simutha mupatseni wodziwa. Yambani mwayesa pang'ono pa mkono, padakali masiku, osati m'mawa wa tsiku lalikulu. Chikatentha tsukani, nkhope si mutu wa ku saluni.

Koma chimene chinamuwotcha Ndaziona si kachubu kaja. Anakwera basi kukafuna kutali thandizo limene linali kuseri kwa khitchini ya kwawo. Kawiri anaima pakhomo loyenera, n'kupempha machesi. Nayenso mlamu wake anaona zaka zinayi, n'kukhala chete poganiza kuti ndi ulemu.

Inu muli ndi kanthu kamene mumaphimba ndi dzanja, kaya ndi pamlomo, kaya ndi pena. Mukafika pakhomo la mnzanu kapepala kali m'dzanja, musapemphe machesi. Tambasulani dzanja. Ndipo inu amene mumadziwa kugwira ulusi, Loweruka likubwerali musapite nokha kuseri kwa khitchini.